Ngowe Ziwiri za Lonjezo

"Tsiku lachitatu walemba kuti tigona kuti?"

"M'kanyumba ka pamtsinje, Ababa. Ndalemba bwinobwino apa."

"Kanyumbako kasamuka."

Lonjezo anayang'ana pamapu. Zoonadi, kanyumba ka alendo kamene anakazunguliza ndi cholembera chofiira kanali kukwawa ngati nkhupakupa kulowera m'mphepete mwa pepala. Anakapanikiza ndi chala. Kanamuluma.

Miyezi inayi yathunthu anakhala akukonza ulendo wa kuphiriwu: masiku asanu, tinyumba tinayi, ndi thanthwe limodzi loongoka ngati khoma, lokwera pogwira chingwe chachitsulo chokhomedwa m'mwala. Tsopano ankalota, ndipo m'malotomu bambo ake, amene anasenza zikwama za alendo paphiripo zaka makumi atatu mpaka kufera pomwepo, anakhala pabedi lake atavala nkhwaira zawo.

"Ndondomeko yako ndi yokwera yokhayokha," anatero. "Ine ndikufuna kutsika. Anzanga ananditsitsa pamachira, koma ine ndinatsala."

Lonjezo anatsegula chitseko. Chipinda chake cha lendi cha ku Chirimba chinali pamwamba pa thanthwe lija. Pansi penipeni, amayi ake ankasesa pabwalo, ochepa ngati nyerere.

Lonjezo anavala lamba wokwerera wa ngowe ziwiri. Lamulo lake analiloweza kalekale: pachingwe pazikhala ngowe imodzi nthawi zonse, osamasula zonse ziwiri.

"Lamba wanu ali kuti, Ababa?"

"Ife tinkakwera ndi zala, mwanawe."

Basi, ngowe yakumanja anaikola pachingwe, yakumanzere pathalauza la bambo ake. Anayamba kutsika. Bambowo ankalendewera kumunsi kwake, olemera ngati zikwama zitatu zonyowa, uku akumuuza kuti akuponda ngati munthu wa m'tauni.

Anafika pachikhomo chachitsulo chogwira chingwecho kumwala. Ngowe yakumanja inagunda pamenepo n'kuima.

"Bwana," inatero mwaulemu, "ine pano sindidutsa. Mundimasule, mundikole kumunsi kwa chikhomochi."

"Mnzanuyo atigwirire kaye chingwe."

"Mnzanga wagwira bambo anu."

Lonjezo anakukuta mano. Ku yunivesite, pa mafunso oyesa nzeru, ankawolotsa fisi, mbuzi ndi chigwada pabwato limodzi anzake asanamalize n'kuwerenga funso. Anayesa kugwira chingwe ndi dzanja. Chinaterera ngati mlamba. Anayesa ndi mano. Anatulutsa pepala la ndondomeko kuti aone ngati ngowe yachitatu anailemba. Sanailembe. Anali atalemba tochi, shuga ndi masokosi mapeyala anayi.

"Digiri ija waiika m'chikwama chiti?" anafunsa bambo ake.

"Ndikuganiza, Ababa."

"Ganiza msanga. Thalauzali ndi lakale."

Ulusi woyamba unaduka, phwi. Lonjezo anadzitsina kuti adzuke, koma thanthwe linakana, linati nthawi yake sinakwane. Pansi paja amayi ake anali atasiya kusesa. Anatchinga dzuwa ndi dzanja, akuyang'ana kumwamba, ndipo pakhonde anali atatulutsapo kale mipando iwiri.

Bambo ake anamukoka mwendo pang'onopang'ono, monga ankachitira pomudzutsa kuti apite kusukulu.

"Lonjezo. Umasula iti?"