Munthu Amene Nsanama Inkamumvera

Kolera itafika ku Nsanama m'dzinja la 1974, Dyton, mlangizi wa zaumoyo, anapempha tcheyamani wa chipani, Che Ajibu, kuti aitanitse msonkhano. Anthu anabwera ndithu, poti masiku amenewo wokana msonkhano wa chipani amakhala kuti watopa ndi kugona kwawo. Anaimba, anaomba m'manja, namvetsera Dyton akuwauza kuti aziwiritsa madzi ndiponso asiye kusamba m'manja m'beseni limodzi pamaliro. Mawa lake kunali maliro kwa Che Bakari, ndipo beseni linazungulira monga mwa kale, kuyambira kwa akuluakulu kukathera kwa ana, madzi ake atada bii.

Dyton anali wa ku Utale, mwana wa mpingo, Chiyao chake chongoperekera moni. Koma maso anali nawo. Anaona kuti shuga akafika pagolosale, lole isanazizire, amayi a kutali amakhala atafika kale ndi mbale zawo. Nkhani ya shuga inali ndi miyendo, pamene yakeyo inkafera pabwalo pomwepo. Ndiye anayamba kufunsa kuchigayo, kuchitsime, kwa okonza njinga ndi kwa ogulitsa matemba a ku Chiuta: "Nkhani imeneyi mwaimva kwa yani? Nanga iwowo anaimva kwa yani?" Ankatsata mayankhowo ngati mlenje pa mapazi a gwape, ndipo njira zonse zinkakathera pakhomo limodzi, kwa Abiti Sidik.

Mayiyu analibe udindo uliwonse. Anali wophika mpunga pa sadaka ndi pa maukwati, ndipo panalibe mwambo wa Chisilamu m'dera lonselo umene ukanatha iye osagwirapo mthiko. Amayi akamasankha mpunga momuzungulira, zimene iye wanena n'zimene ankapita nazo kwa amuna awo.

Dyton anamupeza akutsuka miphika kuseri kwa nyumba, namufotokozera zonse.

"Mwana wanga, inu mumalakwitsa," anatero Abiti Sidik. "Mukati beseni ndi uve, mwatukwana amene anasambamo poyamba. Kodi tikamapita kukaswali, kupemphera kwathu kuja, timasamba bwanji? Si madzi a m'birika, othira pamanja n'kugwera pansi? Zisiyeni kwa ine. Koma chonde, dzina langa lisamveke pamsonkhano. Ine ndine wa kumoto basi."

Dyton anavomera ndi mtima wonse. Pa sadaka yotsatira anthu anangoona atsikana akuyenda ndi mabirika, akuthirira aliyense madzi pamanja. Wina atafunsa za beseni, anamuyankha kuti Abiti Sidik akuti madzi oyenda ndi amene ali ndi madalitso. Mwezi usanathe, ngakhale kwa Akhristu anali atayamba kuthirirana ndi makapu. Maliro anachepa, makasu a kumanda anapumako.

Kenaka kunabwera bwana wa ku boma, ku Kasupe, kudzayamikira. Che Ajibu anaimirira pamsonkhano, nalankhula mpaka thovu kukamwa, kuti iwo ndi amene anayenda mudzi ndi mudzi kuthetsa beseni. Dyton anapsa mtima. Munthu amene mpaka dzulo lake ankasamba m'beseni kwawo! Unyamata ndi matenda nawonso, ndipo mankhwala ake amabwera mochedwa. Atapatsidwa mpata wolankhula, lonjezo lija linamuthawa m'mutu.

"Kunena zoona, bwana, kuno anthu samvera za pamsonkhano," anatero. "Ine ndafufuza bwinobwino. Amene anthu amamumvera ndi Abiti Sidik. Mayi ameneyu akanena mawu m'mawa, dzuwa likamapendeka amakhala afika ku Chiuta, mwinanso kupitirira ku Nayuchi."

Iye ankayembekeza m'manja. Palibe amene anaomba. Amayi anazyolika, ndipo Abiti Sidik, amene anakhala kumbuyo kwenikweni, anakokera mpango kumaso. Che Ajibu anamwetulira, kumwetulira kwa tambala amene wamva mnzake akulira m'khola lake. Bambo wina wofatsa amene anabwera ndi bwanayo anasendera kwa Dyton, nafunsa mwaulemu kwambiri: "Pepani achimwene, mwati dzina lawo ndi yani?"

Apo m'pamene Dyton anazindikira chimene wachita. Nayuchi ndi kumalire, ndipo nthawi imeneyo munthu amene mawu ake amafika kumalire osadzera kuchipani sankatchedwa wothandiza.

Galimoto ya apolisi inabwera Lachisanu lotsatira, masana, Abiti Sidik ali pamoto pa sadaka ya kwa Che Uladi. Anamufunsa amene anamupatsa chilolezo chochititsa misonkhano ya amayi, ndi amene amamutuma kuchokera kutsidya kwa malire. Anamutenga osamulola ngakhale kuphula mphika. Mpunga unapserera anthu akuyang'ana, popanda wolimba mtima kuuyandikira. Dyton anapalasa njinga mpaka ku boma kukafotokoza kuti iye ankangoyamikira. Anamuuza kuti abwerere akagwire ntchito yake, pokhapokha ngati akufuna kukamuperekeza mayiyo.

Mvula ya mu Febuluwale itakula, ana atatu a mabanja otunga pachitsime cha kumsika anayamba kutsegula m'mimba tsiku limodzi. Dyton anadziwa kuti chitsimecho chaipa, ndipo mawu anayenera kufika paliponse dzuwa lisanalowe. Anathamangira kuchigayo. Amayi atamuona anasiya nkhani zawo, aliyense n'kuyang'ana m'dengu mwake. Dyton anayandikira Mwanahawa, mng'ono wake wa Abiti Sidik.

"Amayi, ndithandizeni. Tsopano anthu akumvera yani? Ndingauze yani kuti uthenga uyende?"

"Iyayi, alangizi," anayankha Mwanahawa osakweza maso. "Ife sitimva nkhani kwa munthu. Timangomva pawailesi."

Dyton anayenda yekha khomo ndi khomo, akufuula mpaka mawu kusasa. Anthu ankavomera kuti "Eya, tamva," n'kutseka zitseko. Ndani akanapita kukauza mnzake, kuti mawa adzatchulidwe dzina pabwalo?

Mmodzi mwa ana aja anamwalira, mdzukulu wa Mwanahawa yemweyo. Dyton anapita kumaliro, nakhala kumapeto kwa mkeka. Pobwera kumanda anaona chimene ankachiopa. Mabirika panalibe. Aliyense anali atabisa lake, poti linasanduka chizindikiro cha anthu a mayi wogwidwa uja. Beseni linayamba kwa akuluakulu, linadutsa kwa Che Ajibu, likuda pamene likuyenda. Amene analinyamula anali Mwanahawa. Atafika pa Dyton anagwada mwaulemu wonse, naliika pamapazi pake.

"Sambani, alangizi," anatero chapansipansi. "Wotithirira madzi uja munamupereka ndinu."