Chofunda cha Mwandida

Ndinalota Mwandida, mwana wanga amene tinamuika m'manda chaka chatha, atagona pamphasa pakhonde masanasana, atafunda chofunda cha zigamba chimene ndakhala ndikusoka. Chofundacho chilipodi. Titagawa zovala zake kwa abale pambuyo pa maliro, zakutha ndi zong'ambika palibe anazifuna. Ndinaziduladula n'kuziika m'thumba, ndipo tsiku lililonse ndikachoka kumsika ndimalumikiza kachigamba kamodzi. Ndimasoka pamanja, ndipo utelala suli mwa ine. Msoko wanga umayenda ngati munthu woledzera.

M'malotomo mapazi ake anali pamtunda.

"Amayi, chafupika," anatero.

Ndinatenga kachigamba ka yunifolomu yake n'kusokerera kumapaziko. Nditangoluma ulusi, mwanayo anatalika. Mano ake akutsogolo, amene anali ataguluka pamene ankatisiya, anamera. Sindinadabwe, ndinangopisa dzanja m'thumba. Dzuwa linkatuluka ndi kulowa kuseri kwa mtengo wa mapeyala mosandidikira, tsiku lililonse chigamba chimodzi, ndipo Mwandida ankakula ine ndikuona. Anaphunzira kudziluka tsitsi. Anandipempha mafuta odzola onunkhira. Tsiku lina anandiyankha mwamwano, ndipo ine, amene sindilola mwana kunditsonya, ndinasangalala mpaka misozi.

Kenako thumba linatha. Ndinalikutumula, munangogwa timaulusi.

Ndinang'amba chitenje changa, koma singano inakana kulowa.

"Pepani mayi," inatero singanoyo, "nsalu imeneyi sanavalepo."

Ndinaikalipira kwambiri kuti kachitsulo kopanda ndi mano komwe kasandiphunzitse za mwana wanga. Koma sinalowebe.

Apa n'kuti Mwandida atafika msinkhu wa mtsikana wa ku sekondale. Anali atandikokera pafupi, akuseka mwamanyazi, kuti andinong'oneze dzina la mnyamata amene ankamufuna. Pakamwa anali atatsegula kale. Anaima pomwepo, dzinalo lili kukhosi. Ankaphethira, ankapuma, koma mawu osatuluka.

"Latsala diresi lachikasu lija," inatero singano. "Lili kwa achimwene anu."

Ndinatsegula chitseko cha kuchipinda ndipo ndinapezeka pabwalo la achimwene ku Mponela, sizasi ili m'manja. Linesi, mwana wawo wamng'ono, ankalumpha chingwe chimene chinkadzizunguza chokha. Anali atavala diresilo. Ndinamuveka ndine ndemwe tsiku logawa zovala, ndipo linamukwana bwino zedi. Kunena zoona, ndinamuda mwanayo. Ndinamuda chifukwa anali ndi thukuta pamphuno ndi fumbi m'miyendo, zinthu za ana amoyo.

Atandiona anasiya chingwe n'kugwada.

"Takulandirani, azakhali. Mwadzera diresi?"

"Eya, mwanangu."

"Chabwino, azakhali."

Anayamba kumasula mabatani, osanyinyirika. Atamasula loyamba, anafupika. Atamasula lina, masaya ake anabwerera ku ukhanda, ndipo diresi linayamba kukhweka m'mapewa. Tizala take tinkachepa, tikulimbanabe ndi batani kuti andipatse msanga. Achimwene anali pampando wawo akukonza wailesi, osaona kalikonse.

Ndinamugwira manja. Anali ofunda. Ndinaika sizasi pansi, n'kumanganso mabataniwo limodzilimodzi mpaka mwanayo anabwerera mu msinkhu wake. Ndinamukonza kolala monga ndinkachitira ndi mwini diresi.

"Simutenga, azakhali?"

"Pita ukasewere. Usalidetse."

Ndinabwerera pachitseko chomwe chija. Mtima unkandipweteka moti ndinkayenda chowerama. Mwandida ndinamupeza monga ndinamusiyira, chimwemwe chili pankhope, pakamwa pali potsegula.

"Ndabwera chimanjamanja, mwana wanga," ndinatero. "Undikhululukire."

Sanaoneke wokwiya. Anasendera kukhoma, natukula mbali imodzi ya chofundacho kuti ndilowe. Sichikanatikwana awiri, komabe ndinalowa. Munkanunkhira sopo wochapira ndi utsi wa makala. Ndinaika khutu langa pamilomo yake, ndikuti mwina likhoza kutuluka ngakhale theka la dzinalo. Ndinamva mpweya wake wokha, ukulowa, ukutuluka.

Ndinadzidzimuka khutu lili pamphasa yozizira. Mpaka lero dzina la mkamwini wanga sindilidziwa.