Mbuzi ya Yudita

Fungo ndi limene ndidayamba kumva, osati kulira. Yudita salira akamagwa. Amangoti "aa!" kamodzi ngati waona njoka, basi thupi lonse gwa. Ndidacheuka khasu lili m'manja, n'kumuona atagwera chammbali pa mulu wa mapesi amene tinkatentha kumunda, mwendo wamanzere uli pamoto penipeni, ukungophiriphitha wokha.

"Amayi! Amayi inu!"

Ndidamugwira m'khwapa n'kumukoka. Thovu la kukamwa kwake lidanditsikira pamkono mpaka m'chigongono. Amayi adafika akuthamanga kuchokera kumunsi kwa munda, adazimitsa kansalu kake ndi manja awo, n'kuyang'ana mwendowo. Khungu lidali litasupuka kuyambira m'kakolo kufika pakatumba. Ine ndimati alira. Sadalire. Adaimirira n'kuyang'ana kunjira, kuchulu, kuminda ya anzathu.

"Alipo waona?"

"Palibe, amayi."

"Felizarda, tandiyang'ana. Pakamwa pakopo ndimapadziwa, ndidapabala ndine. Izi ukangouza munthu, ngakhale nkhuku, wamupha mng'ono wako."

Mwina inu si a kwathu kuja ku Mualadzi, ndiye mukudabwa kuti mwana wapsa, mayi wake m'malo moitana anthu akubisa. Imani ndikuuzeni.

Yudita adabadwa bwinobwino, wonenepa, wokonda kuseka. Malungo aakulu ndi amene adamuwononga atangoyamba kuyenda. Adachira, koma adatsala ndi khunyu, mawu ake n'kukhala owerengeka, dovu lili chuchuchu pachibwano tsiku lonse. Nkhondo isadatifike, amayi ankakatenga timakomprimidu, timapiritsi toyera, ku postu, kachipatala kathu, kwaulere, ndipo mwezi unkatha mwana osagwa. Kenako kudabwera matsanga, zigawenga zolimbana ndi boma. Adatentha postu, adatentha shikola, n'chifukwa chake ine ndidalekera segunda kalasi, kalasi yachiwiri, ngakhale ndinkawaposa anyamata onse kuwerenga. Adatenganso abambo kuti akawasenzere katundu, ndipo mpaka lero sitidawaone. Anfermeru athu, anamwino a pa postupo, a Norberto, adathawira ku Cassacatiza kumalire. Kumeneko ankawoloka n'kukagula mankhwala ku Zambia ndi makwacha, poti metikali yathu kumeneko sankaifuna ngakhale yopichirira fodya. Adatitumizira mawu kuti tikabwera ndi mbuzi, Yudita apeza makomprimidu okwana mpaka kukolola, ena n'kutsalako.

Mbuzi idalipo imodzi. Agogo pomwalira adasiya khola lodzaza, koma amfuti a uku adadya, amfuti a uko adadyanso, n'kutsala mkota umodzi wamawanga umene unkabisidwa kuthengo. Idali ya mbumba yonse, ndiye woilamulira adali mwini mbumba, amalume a Abrahamu, achimwene awo a amayi. Amayi adawagwadira dzinja lonse, adawalimira, adawapalira, mpaka adavomera kuti tikangomaliza kusosa, Loweruka, atiperekeza kumalire.

Tsono kwathu anthu amakhulupirira ziwiri za khunyu. Amati dovu la wakhunyu likakukhudza, nawe uyamba kugwa. Yudita adali ndi chikho chakechake, ana anzake ankamuthawa, ndipo amalume akabwera kwathu ankaima kumapeto kwa bwalo ngati pakhomo pali chikuku. Bodza lenileni! Ine ndagona naye mphasa imodzi chibadwire chake, dovu lake ndasamba nalo, ndidagwapo liti? Chachiwiri amati wakhunyu akangopsa ndi moto, matenda alowa m'mafupa, palibenso mankhwala amene angamuthandize, kaya a sing'anga kaya a azungu. Ndiye taganizani. Amalume akadangomva kuti wapsa, mbuzi ija ikadabwerera kuthengo.

Tidamulowetsa m'nyumba podzera kuseri. Amayi adatsuka balalo ndi madzi owiritsa, adapaka uchi, adang'amba kapulana yawo, chitenje chakutchalitchi, n'kumanga, kenako adamuveka nsalu yofika mpaka kuzala.

Ine ntchito yanga idali yotseka pakamwa, ndipo ndikuuzeni, kulima mphanje n'kosavuta. Vuto langa ndimalidziwa. Ndikayamba kulankhula, nkhani zimakokana ngati nkhwani wa maungu, ukakoka tsamba limodzi chabwera chiyangoyango chonse. Ndiye ndidaganiza zongokhala duu, osanena kanthu ngakhale ka nyengo. Komatu sabata imeneyo ndidali nazo nkhani zonona! Ndidamuona ndi maso angawa wamilisiya wina wamtali, mmodzi wa amfuti olonda mudzi, akutuluka m'khitchini mwa mkazi wa sekretariyo, mkulu wa aldeya, mudzi umene boma lidatisonkhanitsamo, ndipo mawa lake mayiyo ankamwa phala la shuga, chinthu chimene ena tidaiwala kukoma kwake. Nkhani imeneyo idandiyabwa pakhosi ngati chitedze. Ndidaimeza.

Kuchitsime amayi ena adayamba kundiseka.

"Kodi radiyo ya aldeya yatani? Yatha mapilya?"

"Mwina wapeza mwamuna, akuphunzira ulemu."

"Feliza, tatiuze kanthu, mitsuko ikulemera popanda nkhani zako."

Ndidangomwetulira n'kumatunga. Onse adaseka, kupatula mmodzi. A Deolinda, akazi a amalume, adali atakhala pamwala akutsuka ndowa, maso ali pa ine osaphethira. Mayi ameneyo mbuzi ija ankaiwerengera ngati mwana wake.

"Yudita sitikumuona pabwalo masiku ano," adatero mofatsa.

"Ali m'nyumba."

"Kutentha konseku?"

Ndidasenza mtsuko usadadzaze n'kuchoka.

Loweruka m'mawa amalume adafika, mbuzi ili pambuyo pa chingwe cha khonje. Adaima pamalo pawo paja, kumapeto kwa bwalo. Mtima wanga udati myaa, ndimvekere zatheka. Koma kuseri kwawo kudatulukira a Deolinda, amene palibe adawaitana.

"Mwadzuka bwanji achimwene?" amayi adagwada.

"Tadzuka, Naphiri. Mtulutse mwanayo tizipita dzuwa lisadakwere. Tidzera kudambo, kumsewu akuti akwirirako mabomba."

Amayi adatuluka naye Yudita n'kumukhazika pakhonde kuti amange bwino mbereko. Iye ataona mbuzi adayamba kuwomba m'manja. "Mee! Mee!" Ntchentche ziwiri zidatera pansalu, pomwe panali bala. Kenako zidakhala zisanu. Ndidayesa kuziingitsa ndi phazi mosaonetsera.

"Alamu," adatero a Deolinda, "mwanayu mwamukulunga ngati chimanga chokagulitsa bwanji?"

"Ulendo, alamu. Minga m'njiramu."

"Minga." Adaseka pang'ono, n'kutembenukira kwa amuna awo. "Bambo, ine ndidakuuzani. Felizarda uyu chibadwire sadakhalepo chete, ngakhale pamaliro. Sabata yathunthu ali duu. Ndidati pakhomo apo pali chinthu."

Mwamva? Ndikalankhula ndalakwa, ndikakhala chete ndalakwanso! Ndidafuna kuwalumphira pakhosi.

A Deolinda adatola kamtengo pansi, poti ndi dzanja sakadayerekeza, adayandikira chotambasula mkono, n'kutukula nsalu ya Yudita ngati akuvundukula mphika wa eni. Chomangira chija chidali chitanyowa, chachikasu, ndipo m'mbali mwake khungu lakupsa linkaoneka.

Amalume adakulunga chingwe kudzanja kawiri.

"Wapsa liti?"

"Lolemba, kumunda," amayi adayankha. "Ndi bala chabe, achimwene. Lipola."

"Ndipo iwe umati undiyendetse mtunda wonsewo, ndikataye mbuzi ya amayi athu pa mwana woti wapsa kale? Wandiyesa chitsiru?"

"A Norberto sadanene kuti achira. Adati asiya kugwa. Akamamwa sagwa, inunso mudaona."

"Izo zidali asadapse. Moto watseka zonse, ukudziwa iwe. Ndani adapsa n'kuthandizika? Tchula mmodzi."

"Ndani adapsa n'kupatsidwa mankhwala? Tchulani mmodzi inuyo."

"Usandiyankhe choncho pamaso pa ana!" adakalipa amalume. Adayang'ana kuphiri, kumene utsi wa mudzi wina unkafuka kuyambira dzulo lake. "Tamvera, Naphiri. Anthu aja akubweranso, aliyense akudziwa. Tikathawira ku Zambia tikafika ndi chiyani m'manja? Mbumba yonseyi ili pamutu panga, si mwana wako yekha. Amene Mulungu wamulemba, wamulemba."

"Tisamalimbane ndi zimene zatha kale, alamu," a Deolinda adawonjezera, mawu ali ofewa ngati akupepesa maliro. "Mungomusamala masiku ake."

Masiku ake! Mwana ali pompo, akuwomba m'manja, akuitana mbuzi, iwo akumuika m'manda ali moyo. Ine misozi idali itayamba, ya ukali osati ya chisoni. Amalume adatembenuka n'kukoka chingwe.

Amayi sadakuwe. Adadzuka pomwe adagwada, adasasa fumbi m'mawondo, adapita pakhonde. Adaika chikhatho pansi pa chibwano cha Yudita n'kupukuta dovu lonse, lambiri, lotanuka ngati therere. Adayenda nalo dzanja lili mmwamba kuti aliyense aone. Adagwira mbuzi pakhosi, n'kuyamba kutsetsereza dzanjalo pachingwe, pang'onopang'ono, kukwera kumene kudali dzanja la amalume.

"Naphiri! Wapenga?"

Amayi sadaime. Patatsala pang'ono kuti zala zikumane, amalume adakutumula dzanja, chingwe n'kugwa pansi, iwo n'kudumphira kumbuyo mpaka kuwaponda a Deolinda. Amayi adabwerera kwa Yudita, adapukutanso, adapaka mbuzi kumsana, m'makutu, kumawere. Chotsala adaipatsa kukamwa. Mbuzi, poti ndi mbuzi, idanyambita mchere wa m'dzanjamo mokondwa.

"Itengeni tsopano, achimwene," adatero. "Mukaiphe mudye. Kapena mukagulitse, muone amene akagule." Adandiyang'ana. "Felizarda. Lankhula."

Ambuye! Sabata yonse ija idatuluka nthawi imodzi. Ndidathamangira pakati pa njira, pomwe nyumba za aldeya zidandandalikana, n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse.

"Tamverani anthuni! Mbuzi ya a Abrahamu yanyambita dovu la Yudita! Yamawanga ija! Yanyambita, yameza, ndaona ndine! Amene adye nyama yake, amene amwe mkaka wake, asadzati sitidanene!"

Anthu adatuluka, ena minsi ili m'manja, ena ana ali kubere. Adaima patali mozungulira, monga amachitira Yudita akagwa. Mayi wina adakoka mwana wake amene ankafuna kuyandikira mbuziyo n'kumumenya khofi. A Deolinda adayamba kulira kuti tawalodza, kuti amayi ndi mfiti yosaopa mwini mbumba. Amalume adayang'ana amuna anzawo mmodzimmodzi, ngati wina awatolera chingwe. Palibe adasuntha. Chidangokhala pansi pomwepo, chonyowa, chikumata fumbi.

Ndidachitola ine.

"Ukapita, usadzabwerenso kudzandilirira," amalume adatero. "Pa ukwati wa ana ako, pa maliro ako, ine kulibe."

"Ndamva, achimwene," amayi adayankha, akumanga mbereko pachifuwa. Adasamala kuti mwendo wopsa ulendewere kunja. Panalibenso chobisa.

Tidadutsa pakati pa anthuwo, ndipo adatipatukira njira yotakata ngati kukudutsa galimoto la asilikali. Amayi patsogolo, ine pambuyo ndi mbuzi, kulowera kudambo. Kumalire kudali kutali, ndipo mwamuna wotiperekeza tidalibe.

Tisadalowe m'tchire ndidacheuka. Amalume adali atanjuta pabwalo pathu, akudzipukuta m'manja ndi mchenga, kutikita, kutaya, kutapanso wina, dzanja loti dovu silidafikepo n'komwe. Yudita naye adawaona. Iye ankayesa kuti anthu onsewo abwera kudzamuperekeza. Adatulutsa kadzanja kake konyowa mumbereko n'kuyamba kuwabayibitsa, akuseka mano onse pamtunda.

"Malume! Malume, tsala!"