Nkhope ya Malemu Itasanduka Timabokosi

Mundikhululukire polemba izi, sukulu yanga ndi yakumudzi, koma maloto awa sanandipatse mtendere.

Ndimakonza masamba pakompyuta pamalo ena osindikizira. Mayi ena amasiye anandipatsa fulashi, kachipangizo ka pakompyuta momwe munali zithunzi za malemu amuna awo, kuti ndikonze pulogalamu ya mwambo wa chiliza. Nditaika zithunzizo patsamba, ndinawabwezera fulashiyo msangamsanga pofuna kuwasangalatsa.

Usiku umenewo ndinalota tili kumanda, aliyense atagwira pulogalamu yanga. Nkhope ya malemuwo inali timabokosi tokhatokha, maso atasungunuka ngati sopo woiwalidwa m'madzi. Pamphumi pawo panali chizindikiro chofiira chija chimabwera kompyuta ikasowa chithunzi. Kenako timabokosito tinayamba kuthothoka papepala, tikugwera m'manja mwanga, tozizira ngati matalala. Ndinkatola, ndinkatola, koma pakamwa pa malemuwo sindinapapeze.

Mayi aja anandigwira pamkono. "Mwanawe, ameneyu ndi ndani? Amuna anga wawasiya kuti?"

Ndinafuna kuyankha, koma m'kamwa munali mutadzaza inki.

Apo m'pamene ndinadzuka. Kuntchito nditatsegula tsamba lija, chizindikiro chofiira chinalipodi pachithunzi chilichonse. Kompyuta inkangondionetsa mithunzi yake, zithunzi zenizeni zinapita ndi fulashi poti sindinazisunge m'kompyutamo.

Ndinawaimbira foni mayi aja. "Mayi, pepani, mubweretsenso fulashi ija."

"Iwe! Ndampatsa mdzukulu wanga afufute aikemo nyimbo. Dikira ndimuthamangire!"

Anampeza asanafufute. Kaya ndi malemuwo anabwera kudzandichenjeza, kaya ndi mantha anga chabe, sindikudziwa. Tinasindikiza Lachinayi masana, kutatsala masiku awiri kuti mwambowo uchitike.