Utomoni wa mlombwa pakhoma

Linali ola lachisanu ndi chiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, ndipo nkhungu inali isanachoke pa Lichinga. Mitengo ya paini kuseri kwa dera la Assumane inkangooneka nsonga zokha. Rosário, mmisiri wosema amene anthu ankamutcha mesitiri, anali atayamba kale ntchito m'kashedi kake, zala zili gwa ndi chisanu.

Tolono wake, makina ozunguza mtengo posema mbale, sankafuna magetsi. Chipika ankachipanikiza pakati pa misomali iwiri ikuluikulu n'kukulunga lamba wachikopa. Mkazi wake Custódia ankakhala pansi n'kumakoka lambayo, dzanja ili kenako ili, iye atagwira chitsulo chosemera. Chitsekereni amatsanga, zigawenga zolimbana ndi boma, njira zakutchire, ankasema paini ndi bulugama basi, mitengo yonyotsoka pachitsulo. Koma tsikuli pa tolono panali mlombwa.

Unabwera ndi Luís, mlongo wake wa Custódia. Amatsanga anamugwira chaka chatha pamsewu wa ku Meponda, ndipo anathawa tsiku lomwe anamutuma kukadula nkhuni. Chipikacho anasenza kuti aoneke ngati wotola nkhuni, komanso, monga ananenera yekha, munthu safika kwa mlamu wake chimanjamanja. Tsopano ankagona kuseri kwa mpanda wabango m'shedi momwemo, pa matumba a utuchi. Wochokera kutchire amilisiya, alonda a mfuti a boma, ankamutenga ngati matsanga, ndipo ena otengedwa choncho sanaonekenso.

Custódia anali atanena dzulo lake kuti chipikacho chilowe pamoto. Rosário anakana. Mtengo wauwisi ukausiya umang'aluka, anatero, uyenera kufukulidwa m'kati usanayambe kuuma. Zinali zoona, koma zoona zenizeni zinali zakuti manja ake anali atausowa mlombwa.

Chifukwa cha changu sanasende makungwa onse. Chitsulo chitangokhudza, utomoni unathovoka. Utomoni wa mlombwa ndi wofiira ngati magazi. Unalemba mzere kuchokera pansi, kukwera khoma lopaka laimu, mpaka kudenga. Wina unagwera pa malaya a Rosário, wina pa tsaya la mkazi wake. Custódia anasiya kukoka, nayang'ana khomalo.

Pamenepo panja panamveka odi.

Anali Bernardino, mkulu wa amilisiya a m'deralo, mfuti ili paphewa. Anabwera kudzatenga miyendo ya mpando imene anaitanitsa. Nkhondo isanafike ankacheka matabwa kumunsi kwa Meponda. Mkazi wake Virgínia anatengedwa pamsewu womwewo akuchokera kogula usipa, ndipo chiyambire pamenepo munthu wochokera kutchire sankamumvera chisoni.

Rosário anaimirira kutsogolo kwa tolono, nanena kuti miyendo yatha, akhoza kuibweretsa yekha kunyumba masana. Mawu ake anatuluka opyapyala. Bernardino analowa, napaka chala pakhoma, nanunkhiza.

"Mesitiri, paini wa masiku ano akukha magazi?"

Rosário anati chinali chipika chakale chimene anachipeza pansi pa matabwa. Bernardino anatola kachipapati, nakafinya. Kananyowetsa zala zake. Anati iye wacheka mlombwa kuyambira ali mnyamata, ndipo uwu sabata yatha unali ndi masamba. Anawonjeza, ngati akungocheza, kuti kumtunda kuno mlombwa unatha kalekale. Wotsala uli kotsetsereka kopita kunyanja, kumene ngakhale asilikali sapita awiriawiri.

Custódia anapempha kuti akawaphikire tiyi. Bernardino anati akhale pomwepo. Anatsamiritsa mfuti pa mpanda wabango, mpanda womwe uja, nakhala pansi pamalo pa Custódia, natenga lamba.

"Semani, ndione."

Rosário anagwira chitsulo. Lamba anayamba kupita ndi kubwera, chipika chikulira. Chitsulo chinakodwa, n'kulumpha, n'kusiya bala m'mphepete mwa mbale. Chikhalire sanalakwitsepo chotero pamaso pa munthu. Anayambanso. Utuchi wofiirira unagwa pamapazi pa Bernardino, fungo la mlombwa linadzaza shedi. M'khutu mwa Rosário munkangomveka chinthu chimodzi, kupuma kwa Luís kuseri kwa bango, ngakhale ankadziwa kuti m'phokoso lotero sikungamveke.

Bernardino anasiya kukoka. Tolono anaima, ndipo m'bata limenelo thumba la utuchi linakwekwesa.

Palibe anatembenuka. Custódia anali atagwira chitenje chake pakamwa. Bernardino anayang'ana mfuti, nayang'ana lamba m'manja mwake. Poyankhula, sanayang'ane munthu aliyense. Anayankhula ndi chipika chija.

"Mtengo iwe, kumene wachokera kuli akazi ogwidwa. Kuli wina wamfupi, wa chipsera cha moto padzanja lamanzere. Unamuona?"

Rosário anafuna kutsokomola kuti aphimbe chilichonse chimene chingamveke, koma anadziletsa. Mtima mwake ankapempha Luís kuti akhale chete. Funso likhoza kukhala msampha. Anthu ankati Bernardino amadziwa kufunsa.

Kuseri kwa bango kunatuluka mawu otsika. Luís anati mayi Virgínia ali moyo. Amasinja chimanga pamsasa wa pafupi ndi mtsinje, awonda, ndipo phazi lina linali ndi chilonda koma akuyenda. Ndiwo anamuuza njira yokwerera kumtunda, namupatsa chinangwa chouma.

Bernardino anafunsa kuti ndi phazi liti. Luís anati lamanja. Anafunsanso ngati ali ndi chofunda, kuzizira kuno. Luís anati ali ndi thumba la saka.

Kenaka Bernardino anaimirira, nakutumula utuchi pa buluku, natenga mfuti. Custódia anagwada, nayamba kunena kuti mlongo wake sanagwirepo mfuti, koma iye anamuletsa ndi dzanja. Anati mnyamatayo sangakhale m'utuchi mpaka nkhondo ithe. Wina akamupeza, adzamutenga usiku osaonekanso. Iye amutenga pompano kunja kukuwala, amudutsitsa pamsika kuti anthu onse amuone, ndipo akanena kwa akuluakulu kuti wabwera yekha kudzadzipereka, ali ndi uthenga wa kumsasa. Wolowa m'manja mwa boma anthu akuona amatuluka, anatero. Sanalonjeze china.

Luís anatuluka, utuchi uli m'tsitsi. Custódia anamuveka jekete la mwamuna wake, namanga mbatata ziwiri pakansalu. Pakhomo Bernardino anatembenuka.

"Khomalo mupake laimu lero, mesitiri. Zipapatizo zipse. Mbaleyo mukamaliza musagulitse, mundisungire. Mwini wake akubwera."

Anapita, Luís patsogolo, mpaka nkhungu inawabisa. Custódia anaima panja nthawi yaitali. Rosário anasesa zipapati, naziika pamoto, nasungunula laimu m'chitini. Anapaka kawiri, koma mzere unkaonekabe pang'ono.

Mkazi wake atabwerera, anakhala pansi, nakulunga lamba m'manja. Rosário ananola chitsulo, nayang'ana bala lija m'mphepete mwa mbale. Likanatha ngati atachepetsa mlomo pang'ono. Anagwedeza mutu, Custódia nayamba kukoka.