Dzanja Lamanzere la Wosoka Nsapato

"Tifotokozere za mikwingwirima ija," anatero alamu ake, atatsekereza pakhomo la kuchipinda.

Mayi wamasiyeyo anasiya kupinda malaya a mwamuna wake. Panali patangopita masiku atatu chiikireni maliro, koma mchemwali wa malemuyo anali atayamba kale kumuyang'ana ngati chigawenga. Osambitsa mtembo anaona mikwingwirima pakhosi ndi pamkono wamanzere, ndipo anthu amenewo sasunga pakamwa.

"Ndinakuuzani, alamu. Linali dzanja lawo lomwe."

"Munthu n'kudzikanyanga yekha pakhosi? Ukutiyesa ana? Mawa tikupita kupolisi."

Mantha anamugwira mayi wamasiyeyo. Wapolisi wake uti angakhulupirire zimenezi? Chaka chatha mtsempha unaphulika m'mutu mwa mwamuna wake ali mkati mosoka nsapato. Adokotala anati magazi awononga kamlatho kolumikiza mbali ziwiri za ubongo, ndiye mbalizo sizimvananso. Kuyambira pamenepo dzanja lamanzere linayamba zakezake. Lamanja likamanga batani, ilo linkamasula. Lamanja likasoka, ilo linkasolola ulusi. Poyamba bamboyo ankaseka, amvekere, "Mlendo wanga wadzuka." Tsiku lina masanasana mlendoyo anamukwera pakhosi, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

Abale sanaoneko zonsezi. Ankabwera ndi nthochi, kukhala mphindi khumi, n'kutsanzika. Nthawi aipeza tsopano, mtsempha utaphulika kachiwiri n'kumutenga bamboyo.

"Nanga pamkonopo? Unkawamanga ngati mbuzi achimwene anga?"

Mayiyo anakoka bedi kulichotsa kukhoma. Pachitsulo cha mbali imeneyo pankalendewera lamba wachikopa, wosokedwa mokhotakhota, mmene limasokera dzanja limodzi.

"Zaka zonsezi ankagona mbali ya kukhomo kuno," anatero. "Tsiku limene dzanjalo linandikoka tsitsi anasamukira kukhoma, kuti litalikirane nane. Anandipempha kuti ndiziwamanga. Ndinakana, alamu, sindikanatha. Ndiye ankadzimanga okha."

"Ndi dzanja limodzi? Bodza limenelo."

Komabe alamuwo anawerama n'kunyamula lambayo. Kunsonga kwake kunali kotafunika, mano atadinda pachikopa mzere pamwamba pa mzere, ndipo mumzere uliwonse munali mpata pamalo amodzimodzi, pa dzino lomwe mchimwene wawo anaguluka ali mnyamata.

Anakhala pansi pang'onopang'ono m'mphepete mwa bedi, chala chawo chili pampatapo.