Mapulamu a Vratislav Awoloka Malire

Vratislav Kolařík anagona m'dziko lina n'kudzuka m'dziko lina, bedi lake lili pomwepo. Kunali kuyamba kwa chaka cha 1993, aphungu a nyumba ya malamulo atagwirizana zong'amba Chekosilovakiya pakati, Acheki kwawo, Asilovaki kwawo. Vratislav sanamufunse maganizo. M'mudzi wonse wa Sovinka sanafunse aliyense.

Nyumba yake inagwera ku Cheki. Koma munda wake wa mapulamu, umene malemu apongozi ake aamuna anamusiyira, unali kutsidya kwa kamtsinje, choncho unapita ndi Asilovaki. Mkazi wake Žofia nayenso kwawo kunali komweko, kuseri kwa phiri.

"Lero muli ndi mkazi wochokera kunja, a Vráťa," anatero Žofia akuthira khofi. "Muzindisamala. Anzanu amakwera ndege kukafuna otere."

"Wakunja wanji woliza mkonono ngati wa konkuno?" anayankha Vratislav.

Miyezi yoyamba malirewo anali nthabwala chabe. Panali kamtengo kopaka utoto pafupi ndi mlatho, ndipo agalu a mayiko onse awiri ankakalemekeza mofanana. Koma pofika Seputembala, mapulamu atapsa mpaka nthambi kugwada, pamlathopo panamera kanyumba ka matabwa ndi chipika chopingasa msewu. M'kanyumbamo anaikamo Imrich, mlongo wake wa Žofia, amene ankaweta ng'ombe pa famu ya boma isanathe. Tsopano anali ndi yunifolomu yatsopano ndi chipewa chomukulira.

Loweruka m'mawa Vratislav anadutsa ndi kathirakitala kake, ngolo ili mbee, Imrich n'kumukwezera chipika mosavuta. Anathyola mapulamu tsiku lonse, mtima uli pa migolo yake ya slivovice, kachasu wa mapulamu amene ankanyadira kuposa ana ake. Pobwerera madzulo, ngolo itadzaza tho, anapeza chipika chili chitsikire.

"Imani pomwepo, bambo. Mwanyamula chiyani?"

Vratislav anacheuka kuti aone bambo amene akunenedwayo. Kumbuyo kunalibe munthu.

"Alamu, ubambowu wayamba liti? Ndi mapulamu awa. Mitengo yake ndi yomwe ija munagwamo muli mwana n'kuguluka dzino."

"Pano palibe chilamu. Pano pali boma," anatero Imrich, akukankhira chipewa m'mwamba kuti aone bwino. "Ngolo yodzaza ndi katundu wamalonda. Pamafunika chikalata cha ku tauni chosonyeza kuti zipatsozi zilibe matenda."

"Matenda? Zikutsokomola?"

"Musandiseke, alamu. Abwana anga akubwera sabata yamawayi kudzaona ngati pano pali ntchito. Akuti pamadutsa nkhuku zokha, ndiye akhoza kutseka. Ndili ndi ana atatu ine. Munthu ndimamulola kadengu ka m'manja, ka zodya panjira. Ngolo ayi."

Anakangana mpaka dzuwa kulowa, wina m'Chicheki wina m'Chisilovaki, akumvana mwano uliwonse bwinobwino. Mapeto ake Vratislav anamasula ngolo, n'kuisiya pansi pa mtengo mbali ya Asilovaki.

Sanapite kunyumba. Analunjika kwa meya wa mudzi, Mayi Kubíčková, amene kale ankaphunzitsa masamu. Anawapeza akukumba mbatatesi kuseri kwa nyumba.

"Pepani kwambiri, a Kolařík," anatero meya atamva zonse. "Ife a khonsolo zathu ndi zinyalala, manda ndi magetsi a mumsewu. Yanuyi ndi nkhani ya pakati pa mayiko. Eni ake ali ku likulu, ku Praha."

"Koma ndinakuvoterani!"

"Munavotera khonsolo. Khonsolo ndi imene inasankha ine. Kadandauleni kwa phungu wanu."

"Pomwe adzayankhe phunguyo, mapulamu adzakhala atasanduka phala. Mayi, ine mu 1989 ndinakwera basi mpaka ku tauni, kuzizira kuli koopsa, kukagwedeza makiyi pabwalo kuti chikomyunizimu chigwe. Sindinagwedeze kuti munda wanga usamuke!"

"Tonse tinagwedeza," anatero meya. "Tandigwirirani thumbali."

Kunyumba anafotokoza nkhaniyo kawiri, kachiwiriko atawonjezera zimene akanamuuza Imrich. Žofia anamvetsera akusenda anyezi.

"Wati kadengu kamodzi munthu mmodzi?"

"Ndi zimene wanena mlongo wanuyo."

"Wanena kuti kangati pa tsiku?"

Vratislav anapukusa mutu.

M'mawa mwake, Misa itatha, Žofia anaima pakhomo la tchalitchi n'kumagwira aliyense pamkono. Amene sapemphera anakawakokolola ku bala. Pofika masana msewu wa ku mlatho unali bii ndi anthu, aliyense kadengu m'manja, chitupa m'thumba. Ena anabwera ndi mapoto. Wozimitsa moto wina wa m'mudzi anabwera ndi chisoti chake, n'kumati nachonso ndi dengu bola uchigadamike. Meya nawonso analipo. Anati abwera ngati munthu wamba, khonsolo sikudziwa.

Imrich atawaona anatuluka m'kanyumba, nkhope itasintha.

"Achemwali, n'chiyani chimenechi?"

"Tikupita kunja kukayenda," anatero Žofia. "Chitupa changa ichi. Uone bwino chithunzicho, mwina si ine."

Lamulo linkati aliyense wodutsa alembedwe dzina, ndipo Imrich sakanalikana lamulo la kadengu limene iye yemwe analiimika dzulo lake. Analemba. Anthu ankawoloka, kudzaza madengu pa ngolo paja, kubwerera, kukhuthula mu wilibala za Vratislav mbali ya Acheki, n'kukaimanso kumapeto kwa mzere. Vratislav anaima pa wilibalazo akulamulira ngati mkulu wa asilikali, koma posachedwa anazindikira kuti madengu akufika osadzaza.

"Inu! Musadye katundu wanga!"

"Ndi zodya panjira izi," anayankha wozimitsa moto uja, masaya ali tutumu. "Boma latero. Ukufuna tiphwanye lamulo?"

Mzere uli mkati, kuchokera mbali ya Asilovaki kunatulukira Mayi Terézia, amayi ake a Žofia ndi Imrich. Mbiri inali itawapeza, ndipo anabwera ndi dengu lalikulu lochapiramo zovala, anzawo awiri atawathandiza kulidzaza. Anafika pa chipika n'kuliika pansi.

Imrich anatambasula dzanja. "Chitupa chanu, mayi."

"Chitupa? Iwe Imrich, pokubereka unandionetsa chitupa?"

"Ndi ntchito, mayi. Komanso dengulo lakula. Ndinati ka m'manja."

"Manja ndi akowo. Msana wanga ukupweteka. Nyamula."

Imrich anayang'ana amayi ake, anayang'ana chipika, kenaka anavula chipewa n'kuchikoleka pa msomali. Ananyamula dengu, nawerama kudutsa pansi pa chipika chake chomwe, n'kukalikhuthula pamapazi pa Vratislav. Mudzi wonse unaomba m'manja.

"Mwalowa m'dziko lathu popanda chilolezo, alamu," ananong'ona Vratislav.

"Mukanenanso liwu limodzi ndikubwezerani onsewa m'mitengo," anatero Imrich.

Nthawi yomweyo galimoto yobiriwira inaima kuseri kwa kanyumba. Abwana aja sanadikire mkati mwa sabata. Anatsika, mwamuna wamfupi wa ndevu za pamlomo, n'kuyang'ana chikhamu cha anthu chitadzaza mlatho mbali zonse. Imrich anathamangira chipewa chake, n'kuchivala cham'mbuyo. Vratislav anamva chisoni chimene sanachiyembekezere. Anaganiza za ana atatu aja.

"Tsiku lililonse pamakhala chonchi?" anafunsa abwanawo.

Imrich asanayankhe, Vratislav anadzipanikiza pakati pa anthu n'kufika kutsogolo.

"Lero pachepa, bwana," anatero. "Ndipo munthu wanuyu ndi mwala. Ine ndine mlamu wake, koma dzulo wandikaniza ngolo yathunthu. Amayi ake omubereka wawafunsa chitupa, onsewa ndi mboni."

"Wandifunsadi, mwana wopanda ulemu," anatero Mayi Terézia.

Abwanawo anagwedeza mutu mokhutira. Anazungulira kanyumba, anagogoda matabwa, n'kunena kuti malo otanganidwa chonchi sangatsekedwe, ndipo chisanu chisanayambe atumiza mbaula. Abwanawo akuchoka, Žofia anawapatsa mapulamu odzaza manja awiri. Anawalandira, n'kumulangiza Imrich kuti chipewa chimayang'ana kutsogolo.

Lolemba m'mudzi wa Sovinka simunagwirike ntchito. Theka la anthu linali kuthamangira kuseri, m'mimba mukubangula ndi mapulamu aja, ndipo msonkhano wa khonsolo unaimitsidwa chifukwa meya sanathe kukhala pampando nthawi yaitali. Vratislav anayang'ana migolo yake, umodzi uli wopanda kanthu, n'kunena kuti chilango chimenecho chinachepa.

Madzulo ake Imrich anatulukira pakhomo atavala zovala wamba, dzanja lamanja atalikulunga kansalu konyowa. Anati zala zatupa ndi kulemba, ndipo anabwera kudzafunsa ngati achemwali ake aphika supu ya kabichi.

"Aphika," anatero Vratislav, akumukankhira mpando ndi phazi. "Koma lamanzerelo lili bwino, eti? Khalani apa. Muzichotsa timitengo ndi masamba, owola muziponya uko."

Imrich anakhala, n'kukokera beseni pafupi.